MFUTI ZOOMBERA PATALI

Ku Midrand, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, pa malo ochedwa Gallagher pamene pamasonkhananso Nyumba ya Malamulo ya maiko a mu Africa, pamacitika cionetsero ca alenje cochedwa HuntEx. Kumeneko agulitsa mfuti, zipolopolo ndi magalasi oonera patali, ndipo ambiri ogula ali ndi cifuniro cimodzi: kukonza mfuti yao yosakira kuti iombere molunjika pa mtunda wa mamita 500 kapena kupitirira. Nkhaniyi ikhudzanso anthu a ku Malawi okhala ku Joni, pakuti ena agwira nchito pa mafamu a nyama ku Limpopo, ndipo ena amene apeza bwino ayamba kukhumba mfuti yaoyao.

Makonzedwe ace sali acinsinsi ai. Mmisiri amanga citsulo ca mfuti pa mtengo wace kuti cisagwedere, nasiya mpata wapang'ono pansi pa mpope kuti usakhudze mtengo, cifukwa mtengo utupa pa nyengo ya mvula ndi kukankha mpope. Pamwamba aikapo galasi labwino, limene nthawi zina mtengo wace uposa wa mfuti imene. Ena asintha mpope wonse, nacoka pa cipolopolo ca .308 Winchester, cimene cinaturuka m'caka ca 1952, kunka ku 6.5 Creedmoor ca 2007, cimene mphepo siicipatutsa kwambiri.

Pa kusintha mpope ndi pamene pali msampha. Lamulo la mfuti la South Africa la m'caka ca 2000, limene linayamba kugwira nchito pa 1 July 2004, liti mfuti imene utali wa mpope wace kapena kukula kwa cipolopolo cace zasinthidwa popanda cilolezo colembedwa ndiyo mfuti yoletsedwa, ndipo cilango cace cikhoza kufika zaka 25 m'ndende. Lamulo lomwelo lifuna kuti wopempha laisensi ayambe walandira ciphaso cosonyeza kuti ngwoyenera kusunga mfuti, ndipo ciphasoco apatsa nzika ya dzikolo kapena munthu wololedwa kukhalamo mpaka kalekale. Tsono mlendo wa ciphaso ca nchito cokha, akagula mfuti kwa mnzace mseri, wagula mlandu.

Koma ngakhale kwa iye amene mapepala ace ali oongoka, mau alipo. Cipolopolo ca .308 colinganizidwa pa mamita 100 citsika kuposa mita imodzi ndi theka pofika pa mamita 500, ndipo cikhala pa ulendo kuposa theka la sekondi. Nthawi imeneyo ikwanira kuti nswala iponde phazi limodzi. Mfuti imene isonkhanitsa zipolopolo zace pa malo a masentimita 3 pa mamita 100 idzazimwaza pa masentimita 15 kapena kuposa pa mamita 500, mphepo isanawerengedwe. Pamene mtima ndi mapapo a nswala saposa mbale yodyera nsima. Ndiponso Midrand ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja, kumene mpweya uli wopepuka, kotero kuti mfuti yoyesedwa kumeneko idzaombera pansi pang'ono ikapita kucigwa.

Mlenje wakale wa mfuti ya gogodela anayenera kudziwa kumene mphepo icokera ndi kukwawa kufikira atayandikira, pakuti onga wace unali wa kuombera kamodzi. Sikuti masiku amenewo abwerere. Kuombera candamale ca citsulo pa mtunda wautali ndiwo masewera abwino, ndipo mwini ndarama acite monga afuna. Koma citsulo cikaphonyedwa sicimva kupweteka, pamene ngoma yolasidwa m'mimba ithawira m'chire ndi kufa patapita masiku. Pa mafamu ambiri mlenje alipira mtengo wa nyama yobvulazidwa ngakhale isapezeke, ndipo kwa iye nkhani yatha pomwepo. Wotsata mapazi ndiye alondola magazi m'minga mpaka dzuwa kulowa, ndipo ikakhala njati moyo wace uli pa ngozi.

Cifukwa cace eni mafamu ndi mabungwe a alenje ayenera kuika malire a mtunda woombera nyama, ndi kumuyesa mlendo ali yense pa candamale asanalowe m'chire. Akaphonya mbale ya nsima pa mamita 300, asaloledwe kuloza nyama pa mtunda umenewo, ngakhale galasi lace likhale la mtengo wotani.