Kimono ndi Jombo pa Kacisi wa Kiyomizu

Mu mzinda wa Kyoto, m'dziko la Japan, muli kacisi wa cipembedzo ca Cibuda wochedwa Kiyomizu-dera. Anakhazikitsidwa m'caka ca 778, ndipo nyumba zambiri zimene zilipo lero zinamangidwa mu 1633. M'mbali mwa njira yokwera kumeneko muli masitolo obwereketsa kimono, cobvala ca makolo ca Ajapani: mkanjo wautali wa manja otambalala, womangidwa m'ciuno ndi lamba wamkulu wochedwa obi.

Atsikana ambiri opita kumeneko sabvala kimono monga anali kubvalira agogo ao. Wina aonjeza nsalu ya lesi pakhosi, wina cipewa ca cizungu, wina asiya nsapato za makolo, zochedwa zori, nabvala jombo. Akuluakulu ena akaona zotere amapukusa mutu, nati ana aononga mwambo, ndiponso pamalo opatulika.

Dandaulo laoli nlomveka, koma laiwala mbiri. Ca m'ma 1900, atsikana a sukulu a ku Japan anayamba kubvala kimono pamodzi ndi hakama, cobvala ca m'munsi cokhala ngati siketi, ndi jombo zacikopa zocokera kwa Azungu. Nthawi imeneyo zinali zacilendo. Lero atsikana otsiriza maphunziro a pa yunivesite amabvala comweco m'mwezi wa March, ndipo anthu amaziyesa mwambo!

Mdani weniweni wa kimono si jombo ai, koma bokosi. Kimono ya silika njokwera mtengo, ndipo ambiri satha kumanga obi popanda wowathandiza. Motero Ajapani oculuka amaibvala pa ukwati, pa maliro, kapena pa cikondwerero ca acinyamata ofika pa ucikulire m'mwezi wa January basi. Masiku ena onse imagona m'bokosi, ndipo amisiri oomba nsalu a ku Nishijin, ku Kyoto komweko, acepa kwambiri. Mtsikana wobvala kimono ndi jombo ndiye akupatsa nchito wosoka ndi wobwereketsa. Kuno nako citenge cisokedwa madiresi ndi malaya a amuna, koma palibe anena kuti citenge cafa.

Komabe kacisi si bwalo la cionetsero, ndipo pamenepa akuluakulu alondola. Wolowa m'nyumba yopemphereramo abvule nsapato, zikhale zori kapena jombo. Wojambulitsa cithunzi asatsekereze njira ya nkhalamba imene yakwera phiri lonselo kudzapemphera.

Pali lamulo linanso limene fasho sangalisinthe. Pobvala kimono, mbali ya kumanzere iyenera kukhala pamwamba pa ya kumanja. Kupitiza ya kumanja pamwamba ndiko kabvekedwe ka mtembo wopita kumanda. Mlendo wosadziwa izi angathe kuyenda tsiku lonse pabwalo la kacisi, akumwetulira ndi kujambulitsa, atabvala monga wakufa.