Pepala silidzutsa injini

Mphwanga atatsiriza maphunziro a umakaniko pa koleji ina ya ntchito zamanja, mbuzi idafa, tidavina usiku wonse. Mwezi watha ndidamperekeza kukafuna ntchito pa galaja ina ku Malangalanga. Mwini galaja adamlozera galimoto yochokera ku Japan, nkumpatsa kakompyuta kopimira injini. Mnyamata kukamwa kudangoti yasa! Iye adaphunzirira pa chiinjini cha kabyuleta, chamnzake cha agogo.

"Pepala lako ndi lokongola, mwana wanga," adatero bamboyo, "koma silidzutsa injini."

Tsono ndifunse inu akuluakulu a ku Capital Hill. TEVETA idakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, ndipo olemba ntchito amasonkha K1 pa K100 iliyonse ya malipiro kuti achinyamata aphunzire luso. Mu 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji a m'madera, kuyambira ku Ngara m'boma la Karonga. Zabwino zedi. Koma kodi olemba silabasi adapondako liti ku Kanengo kukafunsa kuti mafakitale akusowa amisiri otani? Ku Area 10 ndi 43 madenga ali mbwee masola. Akafa, akonze ndani?

Mudzati makomiti alipo, ndalama ndiye zikuchepa. Ayi bwana, kufunsa nkwaulere. Mphunzitsi aliyense azikagwira ntchito m'fakitale mwezi umodzi pachaka, manja ade ndi girisi. Kalipentala wa ku Mchesi ndi makaniko wa ku Malangalanga akhale nawo polemba silabasi.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Chondiwawa nchakuti osafunsawo ndinu, koma phulalo akudya ndi mphwanga, amene lero akugulitsa mayunitsi pa depoti, satifiketi ili pansi pa matiresi.