Tamara: Dzina Limodzi, Mizu Iwiri

Mutaima pa geti la sukulu ya pulayimale ku Ndirande kapena ku Bangwe ana akuweruka, n'kufuula kuti "Tamara!", sacheuka mtsikana mmodzi yekha ayi. Koma mutatsata atsikanawo kwawo kukafunsa tanthauzo la dzinali, mumva mayankho awiri osiyana kutalitali.

Banja lochokera ku Rumphi kapena ku Mzimba lidzakuuzani kuti m'Chitumbuka "tamala" ndiko kuti "tatha". Ndi dzina la misozi, loperekedwa kwa mwana wobadwa pa mtundu umene wachulukidwa maliro, ngati mmene ife timatchulira Mavuto kapena Nditani. Banja lina lidzakutsegulirani Buku Lopatulika lija linatuluka lathunthu mu 1922. Mmenemo Tamara ndi dzina lachiheberi, Tamar, kutanthauza mtengo wa kanjedza. Inde, mtundu wa mtengo womwe uja unapatsa dzina dera la Kanjedza kufupi ndi Limbe. Poti ife L ndi R sitizisiyanitsa polankhula, maina awiriwa anangolowana n'kukhala limodzi.

Ku Israel kanjedza ndi mtengo wautali, wowongoka, wobala zipatso zotsekemera ngakhale m'chipululu, ndipo mu 2016 Tamar linali dzina loyamba pa maina a ana aakazi achiyuda kumeneko. Dziko la Georgia linalamulidwa ndi mfumukazi Tamar kuyambira 1184 mpaka 1213, ndipo mpaka lero amaikumbukira monyadira.

Koma mtima wanga uli pa Tamara wa pa 2 Samueli 13, mwana wa mfumu Davide. Anagwiriridwa ndi Amnoni, mlongo wake wa bambo mmodzi, m'nyumba imene anapita kukamuphikira chakudya pomva kuti akudwala. Mtsikanayu anakana, anadandaula, ndipo zitachitika sanabise. Anang'amba chovala chake, anadzithira phulusa kumutu, natuluka akulira mokweza. Mlongo wake wina, Abisalomu, anamuuza kuti akhale chete popeza wolakwayo ndi m'bale. Davide anapsa mtima, koma sanalange mwana wake. Kodi mawu oti "za m'banja sizituluka kunja" sitikuwamva ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, mwana akachitidwa chipongwe ndi malume ake kapena bambo omupeza?

Ku South Africa, a Ujamaa Centre ku Pietermaritzburg anayambitsa Tamar Campaign, yowerengetsa chaputala chimenechi m'mipingo kuti anthu ayambe kulankhula za nkhanza zogwirira. Kuno kwathu timabatiza a Tamara ambirimbiri, koma ndi kangati mwamva ulaliki wa chaputalachi pa guwa? Ndikupempha abusa, akulu a mpingo ndi amayi a mvano kuti pa 25 Novembala, pamene ayamba masiku 16 olimbana ndi nkhanza, atsegule pamenepa, ndipo polalikira asaiwale kuuza anthu kuti ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit.

Ndipo inu mayi a Tamara ku Zingwangwa, madzulo ano mukamapakula nsima, muuzeni mwana wanu chifukwa chimene munamutchera dzinali. Ngati linali la maliro, mutchulireni amene anapitawo. Kenaka mumuuzenso za mtengo uja, ndi za mnzake wa dzina amene anatuluka m'nyumba ya Amnoni akulira kuti onse amve.