Tonkatsu: nkhumba yovala nyenyeswa za buledi

Ambirife nyama ya nkhumba timaidziwira pa chiwaya: yoduladula timapisi, yokazinga mpaka kuuma gwa, kenako n'kuwaza mchere ndi tsabola. Ndimaikonda ndithu. Koma pano tikambe za kaphikidwe kena ka nyama yomweyi, kochokera ku Japan, kamene eni ake amati tonkatsu. Ndi nthuli imodzi yaikulu, yopanda fupa, imene amaigubuduza mu ufa wa tirigu, n'kuiviika m'dzira, n'kuikuta ndi nyenyeswa za buledi, kenako n'kuimiza m'mafuta otentha. Kunja imatuluka yofiirira, yolira khuchukhuchu m'kamwa, pomwe m'kati muli mofewa, msuzi wake wosathawa.

Ku Japan komweko chakudyachi si chamakedzana. M'chaka cha 675 mfumu Tenmu inaletsa kudya ng'ombe, akavalo, agalu, anyani ndi nkhuku m'miyezi ya ulimi, ndipo kwa zaka zoposa 1,000 anthu ambiri kumeneko ankaona nyama ya miyendo inayi ngati yodetsa. Zinthu zinatembenuka mu 1872, zitamveka kuti mfumu Meiji yadya ng'ombe. Malo odyera a Rengatei ku Ginza, mumzinda wa Tokyo, amene anatsegulidwa mu 1895, ndiwo amatchulidwa kuti anayamba kugulitsa nkhumba yophika motere mu 1899. Azungu nyama yamtunduwu ankaikazinga m'batala wochepa, koma ophika a ku Ginza anaimiza m'mafuta ambiri monga amachitira ndi nsomba ndi masamba pophika tempura.

Chimene ndikufuna kutsutsa ndi maganizo akuti chakudya chachilendo chimafuna zinthu zoitanitsa kunja. Nyenyeswa za ku Japan, zotchedwa panko, zimagulitsidwa zouma m'mapaketi, ndipo kwathu kuno mukazipeza mtengo wake umakubwezani. Musadandaule nazo. Malo ambiri odziwika ndi tonkatsu ku Japan amagwiritsa ntchito nyenyeswa zosaumitsa, zochokera ku buledi wofewa, ndipo zimenezo mungapange nokha. Tengani buledi woyera wogona, chotsani makoko onse, n'kumupala pa chopalira karoti, mbali ya mabowo aakulu, kapena kungomunyenya ndi zala. Nyenyeswazo zikhale zazikulu, zopepuka, zosiyana misinkhu. Zosalala kwambiri zimaphatikana, pomwe zazikulu zimasiya timipata momwe nthunzi imatulukira, n'chifukwa chake zimauma bwino.

Nyama ilipo ya mitundu iwiri. Rosu ndi ya pamsana, yokhala ndi mzere wa mafuta m'mbali. Hire ndi mnofu wofewa wopanda mafuta. Ine ndimasankha ya pamsana, chifukwa mafuta ajawo ndiwo amasunga kukoma. Ku butchala muyenera kulankhula msanga asanakweze chikwanje: "Achimwene, mundichotsere fupa, mudule mopingasa, kuchindikala kwake masentimita awiri." Mukafika kunyumba, yang'anani mtsempha woyera umene uli pakati pa mafuta ndi mnofu, muutemeteme ndi nsonga ya mpeni malo anayi kapena asanu. Mukauleka, ukatentha umakhwinyata, nthuli imapindika, ndipo chovala chake chimasweka. Imenyeni pang'ono ndi msana wa mpeni, muwaze mchere ndi tsabola wakuda. Ufa ukhale wochepa, wotsala muukutumule. Dzira lifike paliponse. Nyenyeswa muzikanikize ndi chikhatho mofatsa, osazifinya.

Tsono pali funso limene sindingalilumphe. N'chifukwa chiyani ife nkhumba timaikazinga mpaka kuuma? Si umbuli ayi. Nkhumba zongoyendayenda m'mudzi zimatha kukhala ndi timbewu toyera m'mnofu, tooneka ngati mpunga, tomwe munthu akatidya tosapsa amagwidwa ndi njoka yam'mimba yotchedwa Taenia solium. Mazira a njokayi, akafalikira kudzera m'chimbudzi ndi m'manja osasamba, amaswa tizilombo m'thupi la munthu, tomwe timatha kukafika ku ubongo n'kuyambitsa khunyu. Vutoli lilipo ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Choncho gulani nyama yoyezedwa ndi alangizi a ziweto, muiyang'anenso nokha poidula, ndipo ya timbewu muikane ngakhale akutsitsireni mtengo. Ku America, chiyambire 2011, boma limalangiza kuti nthuli ya nkhumba ifike madigiri 63 m'kati, ipumenso mphindi zitatu. Ngati mulibe choyezera, dulani nyamayo mopyapyalako, sentimita imodzi ndi theka, ndipo muione poicheka: isakhale yofiira, msuzi wake ukhale woyera. Ubwino wa chovala cha buledi ndi umenewu, kuti nyama imapsa mpaka pakati koma osauma, popeza imaphikidwa ndi nthunzi yake yomwe.

Pa mafuta ndi pamene mtima umawawa, poti botolo lakwera mtengo. Komabe mukaumira, nthuli imakhala pansi pa poto, mbali imodzi n'kupserera ina isanapse. Njira yake ndi kutenga kapoto kakang'ono kakuya, kuthiramo mafuta okwana zala zitatu, n'kumakazinga nthuli imodziimodzi. Atenthe pafupifupi madigiri 170. Ponyanimo kanyenyeswa: kakamira pang'ono n'kubwerera pamwamba kakuchita thovu, mafuta akonzeka, kakada nthawi yomweyo, apyola. Pa mbaula pamafunika maso, ndipo makala akalusa phulani ena. Nthuli ikalowa, musaigwedeze mphindi ziwiri zoyamba. Itembenuzeni kamodzi kokha. Pakatha mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, thovu limachepa, phokoso limasintha, ndiye kuti yatsala pang'ono. Muitsamize choimirira pa kawaya kuti mafuta akhe; mukaigoneka m'mbale, pansi pake pamanyowa. Mafutawo akazizira, asefeni, mudzaphikire ndiwo mawa.

Ku Japan amaicheka m'mizere asanaipereke, kuti munthu atole ndi timitengo todyera. Pambali pamakhala mpunga woyera ndi mulu wa kabichi wamuwisi. Kabichiyu musamuyese chokongoletsera mbale. Mudule mopyapyala kwambiri, mumuviike m'madzi ozizira aukhondo mphindi zochepa, mumukhetse bwino. Ndiye amatsuka mafuta m'kamwa kuti nthuli yachitatu ikome monga yoyamba. Sosi wake, monga wa kampani ya Bull-Dog, ndi wakuda, wotsekemera ndi wowawasa, wopangidwa ndi zipatso, masamba ndi viniga. Kunyumba sakanizani tomato sosi, sosi wa Worcestershire ndi shuga pang'ono, kapena ingofinyirani ndimu. Kwa abale athu amene sadya nkhumba, chidali cha nkhuku chimalola njira yomweyi, ndipo ku Japan nakonso amachiphika motero.

Ikatsala nthuli, musaibwezere m'mafuta. Wiritsani anyezi m'madzi pang'ono ndi sosi wa soya ndi shuga, ikanimo nyama yocheka ija, thirani dzira lomenya pamwamba, vundikirani mpaka ligwirane, n'kukhuthulira zonse pa mpunga wotentha. Chimenechi amati katsudon. Nyenyeswa zija zimafewa n'kumwa msuzi wonse, ndipo kwa ine mbale imeneyi imakoma kuposa ya tsiku loyamba, moti pokazinga ndi bwino kuonjezera nthuli imodzi mwadala.