Kalata yofunsira ntchito ionetse chidwi, osati kupempha

Zotsatira za mayeso a MSCE zikangotuluka, m'malo otayipa makalata ku Mponela, Jenda, Lunzu ndi misika ina mumadzaza achinyamata ofuna ntchito. Amene alandira satifiketi ndiye kuti Chingerezi akhoza, poti popanda phunziroli satifiketiyo siperekedwa. Koma mukawerenga makalata awo mupeza kuti ambiri akungogwada m'malo moonetsa kuti ntchitoyo akuifunadi.

M'Chichewa sitisowa mawu. Timati ndili ndi chidwi, ndikulakalaka, ndikufunitsitsa, mtima uli dyokodyoko. Pa Chingerezi mwana yemweyo amangotsala ndi "I beg to apply" yomwe adaiona m'kalata ya amalume ake.

Mawu oyenera alipo ndipo ngosavuta. "I am keen to learn" akutanthauza kuti ndili ndi khumbo lophunzira. "I am eager to start" ndi munthu amene akuona kuchedwa kuti ayambe. Potseka kalata amalemba "I look forward to hearing from you", ndipo apa ambiri amapunthwa polemba "hear" pamene pakufunika "hearing".

Pali mawu ena awiri amene amagwetsa ana athu. "I am interested" ndiye kuti ndili ndi chidwi, pamene "I am interesting" ndi kudzitama kuti ndine munthu wosangalatsa. Bwana akaona zotere amangoseka, kalata n'kupita pansi pa mulu. Nawo mawu oti "desperate" ngofunika kuwapewa. Inde umphawi ulipo, tonse tikuudziwa, koma mawuwa amauza wolemba ntchito kuti mwasowa pogwira ndipo mungalole malipiro alionse. "Anxious" nthawi zambiri amamveka ngati nkhawa. Tsono "I can't wait" asiyireni anzanu pa WhatsApp.

Ife tikuti ntchito imeneyi isasiyidwe kwa aphunzitsi okha, omwe kale ali ndi makalasi odzaza. Makolo, ngakhale Chingerezi chikukuvutani, muuzeni mwana akuwerengereni kalatayo ndi kukumasulirani m'Chichewa chiganizo ndi chiganizo. Mukamva akuti "chonde ndichitireni chifundo", mubwezeni akalembenso.

Nanunso otayipa makalata, lekani kupatsa aliyense kalata imodzimodzi yongosintha dzina. Mnyamata wofuna ntchito ya m'galaja ndi mtsikana wofunsira malo kusukulu ya unamwino chidwi chawo n'chosiyana, ndipo ndalama yomwe amakulipiraniyo makolo awo amaipeza movutikira.