Lamulo la katundu woopsa likasintha, ndani amauza dalaivala?

Mlamu wanga wayendetsa thanki ya mafuta kwa zaka zambiri pakati pa doko la Beira ndi Blantyre, kudzera ku Tete ndi pa chipata cha Mwanza. Tsiku lina ndinamufunsa kuti amadziwa bwanji malamulo onyamulira katundu woopsa akasintha. Anaseka, nati: "Alamu, timamvera kwa wapolisi, akamalemba kale chindapusa." Yankho limeneli landikhala pamtima, chifukwa likusonyeza kuti munthu amene wakhalira malita zikwi makumi atatu a petulo ndiye amakhala womaliza kumva za lamulo lomwe linalembedwa pofuna kuteteza moyo wake.

Malamulo amenewa sakhala malo amodzi. Gwero lake lalikulu ndi buku la malangizo la bungwe la United Nations, lomwe limagawa katundu woopsa m'magulu 9 ndi kupatsa chinthu chilichonse nambala yake: petulo ndi 1203, dizilo ndi 1202, asidi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'migodi ya kopa ku Zambia ndi 1830. Bukuli limakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse, popeza katundu watsopano amabadwa. Mabatire a lithiamu, amene lero akudzaza magalimoto opita nawo kwa ogulitsa zipangizo za sola, anali osowa pamsewu pamene madalaivala athu achikulire ankaphunzira ntchito, koma ali ndi nambala yawo ndi malamulo awo a kapakiridwe. Kenaka dziko lililonse limatenga malangizowo n'kuwaika m'malamulo ake pa nthawi yake. Ku South Africa, dalaivala wa katundu wotere ayenera kukhala ndi zaka zosachepera 25, aphunzitsidwe, ndipo chilolezo chake cha gulu D chimatha pa zaka ziwiri. Ku Malawi, onyamula mafuta amayang'aniridwa ndi MERA. Ku Zambia ndi ERB. Galimoto yochoka ku Durban kudzera pa Beitbridge ndi Nyamapanda imaponda mayiko anayi isanatsitse katundu ku Lilongwe, ndipo mapepala ake amawerengedwa m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi.

Maganizo anga ndi akuti udindo wotsatira kusintha konseku ndi wa mwini galimoto ndi wotumiza katundu. Iwowa ali ndi ofesi, intaneti ndi alembi. Dalaivala amagona pa mzere wa pa boda masiku awiri kapena atatu. Kumuuza kuti azifufuza yekha zimene zasindikizidwa mu gazeti ya boma la dziko lina ndi kumuchita chipongwe. Komabe ndaona ndi maso anga kampani ina ikugula satifiketi ya maphunziro popanda dalaivala kulowa m'kalasi, n'kumudula malipiro pamene anagwidwa ndi chikwangwani cholakwika. Chozimitsira moto chinali chitatha nthawi yake chaka chapitacho. Eni ake ankati maphunziro ndi odula, ndipo n'zoona kuti amafuna ndalama ndi masiku amene galimoto ikanakhala pamsewu. Koma amene amanena zimenezi sakhala iwo m'galimotomo.

Pa 24 Disembala 2022, thanki ya gasi inakodwa pansi pa mlatho waufupi ku Boksburg, pafupi ndi chipatala cha Tambo Memorial. Gasi anayamba kutuluka, moto unabuka, anthu anasonkhana kudzaonerera, ndipo thankiyo itaphulika anthu 41 anataya miyoyo, ena mwa iwo ogwira ntchito pachipatalapo. Funso limene ngoziyi inasiya ndi la njira: kodi galimoto yotalika chotero inapezeka bwanji pamsewu umenewo? Kusankhiratu njira ndi kudziwa kutalika kwa milatho ndi mbali ya ntchito yonyamula katundu woopsa, ndipo imayenera kuchitika galimoto isanalize injini.

Ife a chigawo chino tili ndi chilonda chathu. Pa 17 Novembala 2016, ku Caphirizange m'boma la Moatize, thanki imene inkapita ndi petulo ku Malawi inaphulika anthu atadzaza ndi zigubu kudzatunga mafuta. Anthu oposa 70 anafa, ana ali momwemo. Ambiri a m'midzi imeneyo amalankhula chinenero chomwe ndikulembachi. Ena amati umphawi ndiwo unawapha, ndipo sindikana. Koma ndifunse: ndi angati mwa okhala m'mbali mwa msewu wa Tete, wa M1 kapena wa Great East amene anauzidwapo kuti mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, kotero umayenda pansi ndipo ungathe kukatenga moto kutali ndi thanki n'kubwerera nawo? Chithunzi cha lawi pa chikwangwani chofiira chimalankhula kwa wozimitsa moto wophunzitsidwa. Kwa mayi wogulitsa tomato pa msika wa pa Zalewa ndi chojambula chabe.

N'chifukwa chake ndikuti kutsatira malamulo kukhale ndi umboni woposa chidindo. Mabungwe opereka malaisensi, asanavomereze kampani chaka china, aziitana dalaivala mmodzi kapena awiri n'kuwafunsa m'chinenero chawo: mwanyamula chiyani, nambala yake ndi iti, chikayamba kudontha muimitsa anthu patali bwanji, muimbira ndani? Pepala la malangizo a pangozi, lomwe limayenda ndi katundu, lizikhalanso ndi mbali ya Chichewa. Lamulo likasintha, uthenga uzifika pa foni za madalaivala kudzera m'magulu awo a WhatsApp, amene kale ndi kale amafalitsa nkhani za mizere ya pa boda m'mphindi zochepa. Mawailesi a m'madera, omwe amalengeza maliro ndi mitengo ya feteleza, angathe kupatula mphindi zisanu pa sabata kufotokoza tanthauzo la zikwangwanizi.

Mlamu wanga ananyamukanso dzulo kupita ku Beira. Satifiketi yake ikutha mwezi wamawa, ndipo abwana ake amuuza kuti akambirana akabwerako.