Ngati sikatseguka, musakagule

Achimwene anga amakhala pa mikisa m'bandi ina ya ku Lilongwe. Bandi ikamayenda ndi mashoo, Lachisanu ku Salima, Loweruka ku Nkhotakota, iwo ndi amene amafunsidwa chingwe chikasowa. Pa holide ina ndinawaperekeza ngati wonyamula katundu, ndipo ndinaona mmene zida zimasowera. Nthawi zambiri si akuba ayi. Shoo yatha cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, aliyense maso ali gwa ndi tulo, katundu akungoponyedwa mu lole. Kabokosi ka mamaikolofoni opanda zingwe kanatsala kuseri kwa siteji, ife n'kudzazindikira titafika kale ku Nkhotakota.

Atabwerako anagula tizipangizo tolondolera katundu ta Bluetooth, tija tating'ono ngati chitsekero cha botolo, n'kuika m'bokosi lililonse. Anasankha totchipa, tomata ndi guluu. Patangotha chaka ndi miyezi tinayamba kufa kamodzikamodzi, poti anatigula tsiku limodzi. Mkati munalibe chowonongeka. Batire yokha ndi imene inatha, koma poitulutsira panalibe.

Maganizo anga ndi awa: kachipangizo kotere, ngati sungathe kukatsegula n'kusintha batire, n'kutaya ndalama. Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyeni tione mmene kamagwirira ntchito.

Ambiri amaganiza kuti mkati muli GPS. Mulibe. Kachipangizoka sikadziwa n'komwe kuti kali kuti. Ndi kawailesi kakang'ono kamene kamangokuwa kuti "ndili pano!" pakapita timasekondi tochepa, pa mafunde a 2.4 GHz, pogwiritsa ntchito Bluetooth Low Energy yomwe inabwera mu 2010. Foni yodutsa pafupi ikamva, imatenga malo amene iyoyo ili n'kuwatumiza pa intaneti mobisa, mwini wake yekha n'kuona pa mapu. Zili ngati mwana wosochera mumsika: njira sakuidziwa, koma akulira, ndipo odutsa ndi amene akukauza makolo. Ntchito yolemetsa ikugwiridwa ndi mafoni a anthu ena. N'chifukwa chake kabatire kamodzi kamatha pafupifupi chaka, pomwe foni yanu mukayatsa GPS batire imatsika mukuona.

Kabatire kake nthawi zambiri ndi CR2032, kaja kooneka ngati kobiri, kamene kamapezekanso m'makiyi a galimoto ndi m'makompyuta. Dzinalo likunena kukula kwake: 20 ndi mamilimita 20 m'mimba mwake, 32 ndi mamilimita 3.2 kuchindikala kwake. Kamatulutsa mavoti 3. Pa AirTag, imene Apple inatulutsa mu 2021, umangodina chivindikiro, kupotokola, batire ija n'kutuluka. Mphindi imodzi siikwana.

Okonda tomata aja ali ndi mfundo, ndisaname. Amati timakhala topyapyala, madzi salowa, ndipo tina batire yake imafika zaka 3. Koma AirTag yotseguka ija imapirira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, ndiye nkhani ya madziyo siikundigwira mtima. Nanga zaka zitatuzo zikatha? Bandi ya mabokosi 20 iyenera kugula tizipangizo 20 tatsopano, kutilumikizanso ku foni kamodzikamodzi, kulembanso mayina. Ndalama ikachedwa, mabokosi amayenda ndi tizipangizo takufa, eni ake mtima uli m'malo kuti katundu akulondoledwa. Takufato timakathera kudzala, wailesi yake ili bwinobwino. Lipoti la United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi.

Komatu kusintha batire si kukonza chilichonse. Kasipika kamkati kakafa, ngakhale totseguka tambiri basi tapita. Pamenepo opanga akadali ndi ngongole kwa ife.

Zinthu ziwiri achimwene anaziphunzira movutikira. Choyamba ndi Physics yeniyeni: chitsulo chimatchinga mafunde a wailesi. Kachipangizo mukakatsekera m'bokosi lachitsulo lokhalokha, mwakaika mu chimene asayansi amati Faraday cage, ndipo kangokuwa popanda womva. Kaikeni pa mbali ya thabwa kapena ya pulasitiki. Madzinso amamwa mafunde a 2.4 GHz, ndiye chikhamu cha anthu ovina, amene matupi awo ndi madzi ambiri, chimafupikitsa mtunda umene kangamvekere.

Chachiwiri n'chakuti womva ayenera kukhalapo. Malo a AirTag amatumizidwa ndi zipangizo za Apple zokha. Ku London zimenezo zili paliponse, koma pamsewu wa kunyanja mafoni ambiri ndi a Android. Google inatsegula netiweki yake ya mafoni a Android mu 2024, choncho musanagule funsani kuti kachipangizoko kamamvedwa ndi mafoni ati.

Pano achimwene ali ndi totseguka. Pa bokosi lililonse amamata katepi kolembapo tsiku limene anasintha batire, ndipo mabatire akale amawasunga m'botolo lotseka, pamwamba pa kabati. Kunyumba kuli mwana wokwawa, ndipo kabatire kotere kakamezedwa kangathe kuwotcha kummero m'maola awiri okha.